Kuti mutu wa chikalata uzilemera kuposa zam'kati: mmene ndimachitira mu Elasticsearch ndi Solr

Ndimasunga malipoti a kagulu kena ka alimi kuno ku Ngabu: a thonje, a mapira, a matenda a ng'ombe, ndi mulu waukulu wa kusefukira kwa madzi, kuchokera mu 2015 kufika pa namondwe wa Freddy mu 2023. Onse ali mu Elasticsearch, pulogalamu yofufuzira mawu m'zikalata (Solr ndi ina ya ntchito yomweyo), kuti alangizi aziwafufuza pa foni. Dandaulo lomwe limandifika kawirikawiri n'loti munthu walemba Makhanga, pamwamba pabwera lipoti la pachaka la boma lonse la Nsanje, koma chikalata chonena za Makhanga yekhayo chakwiririka pansi. Mlangizi amene ali kutsidya kwa Shire, netiweki ikudukaduka, pansipo safikapo. Amangoti kulibe, ndipo zimenezi zimandipweteka chifukwa chikalatacho chilipo.

Choyamba gawani chikalata. Ngati mawu onse munawathira m'gawo limodzi, palibe choti mukweze. Anga ndi anayi: mutu, dera, chidule ndi nkhani.

Makinawa amapereka malikisi kwa chikalata chilichonse pogwiritsa ntchito njira yotchedwa BM25, imene yakhala yokhazikika kuyambira pa Lucene 6 (Lucene ndiye injini ya m'kati mwa Elasticsearch ndi Solr) ndi Elasticsearch 5.0 mu 2016. Imaona kuti liwu labwera kangati m'gawomo, kuti ndi losowa motani m'zikalata zonse, komanso kutalika kwa gawolo. Inu mumangowonjezera nambala yochulukitsira malikisi a gawo limene mukulidalira. Mu Elasticsearch mumagwiritsa ntchito multi_match, njira yofufuzira m'magawo angapo nthawi imodzi, ndipo pa fields, pamene mumatchula magawowo, mumalemba chonchi:

mutu^3, dera^2, chidule^1.5, nkhani

Mu Solr, posankha edismax, njira yake yofufuzira m'magawo angapo:

qf=mutu^3 dera^2 chidule^1.5 nkhani

Gawo lopanda nambala lili pa 1. Mukafuna kulitsitsa, lipatseni nambala ya pakati pa 0 ndi 1, monga nkhani^0.5. Nambalazi muziziika pa nthawi yofufuza, osati posunga zikalata. Njira yoziika posunga ija Elasticsearch anaisiya kale, ndipo inkafuna kumanganso index yonse, nkhokwe imene makina amafufuzamo, nthawi iliyonse mukasintha maganizo.

Apa pali poterera. Anzanga ambiri akaona kuti zikugwira, amathamangira mutu^20. Musatero. Mutu ndi waufupi, ndiye BM25 imaukondera kale. Mukaukweza mopyola, kalata ya mizere iwiri yoitanira anthu ku msonkhano wa thonje idzaposa lipoti lonse lofotokoza za mbozi za m'thonje, chabe chifukwa liwulo lili pamutu. Zili ngati mchere m'ndiwo: thirani pang'ono, lawani, kenako muone ngati n'kofunika kuwonjezera. Ine ndimayambira pa 2 kapena 3.

Kulawako n'kotere. Ndimafunsa alangizi mawu enieni amene amalemba, osati amene ine ndikuganiza, n'kuwalemba m'kope. Pambali pa mawu aliwonse ndimalemba chikalata chimene chiyenera kukhala pamwamba. Ndikasintha nambala imodzi, imodzi yokha, ndimayesanso mndandanda wonsewo, chifukwa kukonzera Makhanga kukhoza kuwonongera Bangula. Chikalata chikakwera modabwitsa, ikani explain kukhala true mu Elasticsearch, kapena debugQuery=true mu Solr. Zotuluka zake n'zazitali, koma zimaonetsa gawo lenileni limene labweretsa malikisiwo.

Chimene chimasokoneza anthu kwambiri si nambala ayi, koma mmene malikisi a magawo amaphatikizidwira. Mukapanda kunena kanthu, multi_match imatenga best_fields, kutanthauza kuti imawerengera gawo limodzi lokha limene lapeza malikisi ambiri. Tiyerekeze kuti mlangizi walemba thonje Ngabu. Thonje lili pamutu, Ngabu ali pa dera. Makinawo atenga mutu, za Ngabu aziiwala, ndipo lipoti la thonje la ku Nsanje likhoza kufanana malikisi ndi la ku Ngabu. Mankhwala ake ndi tie_breaker, amene mu Solr amangoti tie. Akakhala pa 0, monga amabwerera, magawo enawo sawerengedwa. Mukamuika pa 0.3, gawo lililonse lotsalalo limaponyapo kachigawo ka malikisi ake. Ngati anthu anu amakonda kusakaniza nkhani ndi dzina la malo chonchi, yesaninso cross_fields, imene imatenga magawowo ngati gawo limodzi lalikulu. Kwa ife kuno yathandiza kwambiri, poti pafupifupi aliyense amamaliza ndi dzina la malo.

Za dera ndionjezepo pang'ono. Dzina ngati Chikwawa lili m'zikalata zambirimbiri, choncho BM25 imalipatsa malikisi ochepa, pamene Makhanga ndi wosowa ndipo amalemera yekha. Munthu akafuna za boma limodzi basi, musalimbane n'kukweza dera^10. Mupatseni filter, imene imangochotsa zosafunika osakhudza malikisi.

Dziwaninso kuti nambala sizingakweze chikalata chimene makina sanachipeze n'komwe. Malipoti ena analemba Chikhwawa, ena Chikwawa, ndipo Lucene alibe chida chodziwa kuti kusefukira, osefukira ndi anasefukira n'zapachibale. Zimenezi mumazikonza ndi mndandanda wa synonym, mawu oti makina aziwatenga ngati amodzi, mzere umodzi pa gulu lililonse la mawu, musanayambe n'komwe kukhudza mutu^3.