Mmene mungalawire tiyi wosakaniza musanagule wambiri

Ngati mukufuna kusankha pakati pa tiyi wosakaniza ndi jinja, wa mandimu kapena wa sinamoni musanagule paketi yaikulu, yambani mwaganizira madzi. Kuno ku Chigwa cha Shire, m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, mijigo imatulutsa madzi amchere, ndipo mcherewo umaphimba kununkhira kwa masamba, moti tiyi wabwino wa ku Thyolo amakoma mofanana ndi wotchipa. Choncho wiritsani madzi opanda mchere, thirani supuni imodzi ya masamba m'kapu iliyonse, dikirani mphindi 4, kenako mulawe musanathiremo shuga kapena mkaka. Wa jinja mumulawe pomaliza, chifukwa amawotcha lilime ndipo aliyense womutsatira amangomveka ngati madzi otentha.