Kalata yoitanira akunyumba ku UK: lembani nokha, musapatse dobadoba

Kalata yomwe a Home Office, unduna wa boma la UK woona za olowa m'dzikomo, anawakanira nayo visa mayi akunyumba ndidakali nayo mufoni. Ndi masamba awiri okha, koma ndikaiwerenga mtima umawawabe ngati zachitika dzulo. Chondipweteka kwambiri n'chakuti pa zifukwa zonse zimene analembamo, panalibe n'chimodzi chomwe chochokera pa moyo wathu weniweni. Zonse zinachokera m'mutu mwa munthu amene tinamulipira kuti atithandize. Ndiye inu achimwene ndi achemwali amene muli kuno ndipo mukufuna kuitana mkazi kapena mwamuna wanu kuti adzakuoneni, khalani pansi mumve. Ndikunena za UK yokha. Ku Ireland, ku Germany kapena ku America kuli malamulo awoawo.

Ambirife tinabwera pa ntchito yosamalira okalamba. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, amene akuyamba kumene ntchito imeneyi saloledwa kubwera ndi banja, ndipo ophunzira ambiri anawatsekera khomo lomwelo mu Januwale chaka chomwecho. Amene ali ndi chilolezo chokhazikika nawonso, visa ya banja imafuna malipiro a £29,000 pachaka. Choncho njira yomwe yatsala kwa ambiri kuti aonane ndi akunyumba ndi visa ya mlendo, yotchedwa Standard Visitor visa. Musaganize kuti amene amaunika mapepalawo sakudziwa zimenezi. Akaona mkazi akupempha kukacheza kwa mwamuna wake, funso loyamba m'mutu mwawo ndi limodzi: kodi ameneyu adzabwerera kwawo? Gawo la malamulo lotchedwa Appendix V limanena poyera kuti wopempha awakhutiritse kuti adzachoka ulendo ukatha, kuti sakufuna kusandutsa maulendo obwerezabwereza kukhala njira yokhalira kuno, ndiponso kuti ndalama za ulendowo zilipo. Kalata yanu ntchito yake ndi kuthandiza kuyankha zimenezo, basi.

Ndondomeko yake siyovuta. Fomu imalembedwa pa GOV.UK, webusaiti ya boma la UK, osapitirira miyezi itatu tsiku la ulendo lisanafike, mumalipira pa intaneti pomwepo, wopemphayo n'kukadinda zala ku Lilongwe, ndipo yankho nthawi zambiri limabwera pakatha milungu itatu. Mu Epulo 2025 mtengo unafika pa £127, koma muone kaye mtengo wa tsikulo. Akakukanani ndalamazo sizibwerera.

Tsopano za dobadoba uja.

Ndinamupeza m'gulu la WhatsApp la Amalawi. Anthu angapo anamuyamikira kuti amatulutsa ma visa, ndipo ine nthawi imeneyo ndinali pa mashifiti a usiku motsatizana, mutu wosagwira, zaka ziwiri ndisanawaone akazi anga. Anati ndingotumiza chithunzi cha pasipoti, ma payslip atatu ndi adiresi, zina zonse "musadandaule bwana, ndi ntchito yathu imeneyi." Ndinamulipira kawiri, koyamba za ntchito yake, kachiwiri za "munthu wathu wa mkati". Abale anga, kulibe munthu wa mkati. Amene amakudindani zala ku Lilongwe sagamula chilichonse, amangolandira mapepala n'kutumiza. Chigamulo chimachokera kwa ogwira ntchito a UKVI, nthambi ya Home Office yoona za ma visa, amene dobadoba wanuyo sanawaonepo ngakhale nkhope.

Kalata yoitanira analemba yekha m'dzina langa. Ananditumizira tsamba lomaliza lokha kuti ndisayine, ine n'kusayina pa nthawi yopuma kuntchito. Yonse ndinadzaiona patapita miyezi iwiri, zinthu zitaonongeka kale. Inkanena kuti ndimakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, pomwe pangano la lendi lomwe anaphatikiza pomwepo linkaonetsa kuti ndimachita lendi chipinda chimodzi m'nyumba yokhala anthu asanu. Inkanena kuti akazi anga adzakhala miyezi 6. Akazi anga ndi mphunzitsi wa pulayimale. Ndi sukulu iti ku Malawi imene imapatsa mphunzitsi tchuthi cha miyezi 6? Pa fomu anawalemba kuti ali ndi bizinesi ya zovala, akuti malipiro a uphunzitsi ndi ochepa, azungu sangakhutire. Ndipo kutatsala masiku anayi kuti akatenge sitetimenti ku banki, anaika mamiliyoni angapo mu akaunti yawo, ndalama zobwereka zoti zituluke sitetimenti ikangosindikizidwa, chiwongoladzanja chake n'kulipira ife.

Kalata yokanira inatchula zonsezi, chimodzi ndi chimodzi. Ndalama zolowa mwadzidzidzi zopanda kochokera. Bizinesi yopanda umboni uliwonse, pomwe mu sitetimenti momwemo mwezi ndi mwezi munkaoneka malipiro a boma. Nyumba yosagwirizana ndi pangano la lendi. Tinapulumukira mkamwa mwa mbuzi poti anangotikanira kuti sanakhutire, osalemba kuti tinachita chinyengo. Akanalemba chinyengo, akazi anga akanaletsedwa kulowa mu UK kwa zaka 10. Ndipo dziwani kuti woyankha mlandu ndi mwini dzina lomwe lili pa fomu. Mawu akuti "anandilembera ndi wina" kumeneko sagwira ntchito.

Chomwe sindidzamukhululukira ndi ichi. Pa fomu anaika imelo yake, osati ya akazi anga, ndiye yankho litabwera linafikira kwa iye. Anakhala nalo chete pafupifupi mwezi wathunthu, tikafunsa akuti zikuyenda, tidikire. Akazi anga anali atatsanzika kale kwa ahedi, abale atabwera kudzapereka mauthenga, sutikesi italongedzedwa. Anakwera basi kawiri kupita ku Lilongwe kukamusaka kuti awapatse pasipoti yawo. Tsiku lomwe anamupeza ndi lomwe anadziwa kuti anakanidwa kalekale. Usiku umenewo analira pafoni, ine ndili m'khonde la kuntchito, wopanda chowauza. Kutacha nambala yake inali itandibuloka. Apilo pa visa ya mlendo kulibe, anaichotsa mu 2013, ndiye chomwe chinatsala n'kuyambiranso, tili ndi banga pa dzina.

Ndiye kalatayo lembani nokha. Chingelezi chomwe mumalankhula kuntchito n'chokwanira, ndipo tsamba limodzi ndi lokwana. Muikemo dzina lanu lonse monga lilili m'pasipoti, tsiku lobadwa, adiresi, nambala ya foni, mtundu wa visa yanu ndi tsiku lomwe idzathe, ndi komwe mumagwira ntchito. Kenako dzina la mnzanuyo, tsiku lake lobadwa, nambala ya pasipoti yake, ndi liti komanso kuti komwe munakwatirana. Kenako masiku enieni a ulendo, komwe adzagone, ndi amene adzalipire tikiti, chakudya ndi mayendedwe. Pomaliza chomwe chidzamubwezere kumudzi. Tsiku, siginecha, yatha.

Lekani kukopera makalata a pa intaneti odzaza ndi mawu olemera omwe inuyo simunawalankhulepo. Amene amawerenga aja aona kalata yomweyo kambirimbiri, dzina lokha losinthidwa. Lekaninso kudandaula za chikondi masamba atatu. Kunena kuti simungathe kukhala popanda akazi anu n'zoona, ine ndikudziwa, koma kwa amene akufuna umboni woti mlendo adzabwerera, mwamupatsa chifukwa chokanira ndi dzanja lanu lomwe. Chiganizo chimodzi chakuti mwatha zaka zingati musanaonane chikukwanira.

Pa masiku, musapemphe miyezi 6 chifukwa choti lamulo limalola mpaka pamenepo. Visa nthawi zambiri imatuluka ya miyezi 6 ngakhale mutapempha milungu itatu. Pemphani masiku amene ntchito ya mnzanuyo ingalole, ogwirizana ndi kalata ya abwana ake, ogwirizananso ndi tchuthi chanu. Munthu woti adzakhala miyezi isanu m'chipinda yekha inu muli kuntchito maola 12 patsiku, aliyense adzafunsa kuti akudzatani.

Za ndalama ndiye pomwe Amalawi timagwera kwambiri. Palibe nambala yoikika imene malamulo amati mlendo akhale nayo mu akaunti, ndiye amene akukuuzani kuti pakufunika mamiliyoni akutiakuti akukunamizani. Chomwe amaona n'chakuti mtengo wa ulendo ukugwirizana ndi zimene mumapeza. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo malipiro a kumudzi ukawasintha kukhala mapaundi amaoneka ochepa, inde. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Ngati ulendo mukulipira ndinu, nenani momveka m'kalata, muphatikize ma payslip ndi masitetimenti anu a miyezi ingapo yapitayi. Ngati mumatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, nenaninso, muonetse malisiti ake, kuti zolowa mu akaunti ya kumudzi zikhale ndi kochokera. Ndalama zikalowa zambiri pakamodzi, kaya za banki m'khonde, kaya mwagulitsa soya kapena poloti, pakhale pepala lofotokoza. Ndipo ngati bizinesi ya akunyumba imayendera Airtel Money kapena Mpamba, katengeni sitetimenti ya kumeneko. Musabise.

Yang'ananinso sitetimenti yanu inuyo musanaitumize. Ngati mwezi uliwonse imathera mu overdraft, kalata yonena kuti mudzasamala mlendo mwezi wathunthu siikhulupirika. Dikirani miyezi ingapo, musunge kaye. N'zowawa, koma kukanidwa kumawawa kuposa.

Nyumba nenani momwe ilili. Ngati ndi chipinda chimodzi, lembani chipinda chimodzi, muphatikize pangano la lendi, ndipo mupemphe landilodi akulembereni mizere iwiri yovomereza kuti mlendo adzagona pamenepo masiku amenewo. Akakana, pezani kogona kwina n'kulemba komweko.

Chilolezo chanu chokhalira kuno chikhale chamoyo mpaka mlendo adzabwerere. Makhadi a BRP oonetsa chilolezo chokhalira kuno anatha ntchito pa 31 Disembala 2024, pano chilolezocho chili pa intaneti (eVisa) ndipo timatulutsa nambala yochionetsera, share code, yomwe imagwira masiku 90. Amene mapepala anu anatha, pepani achimwene, musaitane munthu. Malamulo salola kuti wopanda chilolezo athandize mlendo, ndipo mudzangodziulula nokha.

Pali china chomwe anthu sakonda kuchikamba. Kodi pa fomu yanu inuyo, pomwe munkabwera, munalemba kuti muli pabanja? Alipo amene analangizidwa kulemba kuti ndi mbeta kapena osakwatira kuti zinthu ziyende msanga. Lero mukulemba kalata yoitana mkazi amene munakwatirana naye zaka 8 zapitazo. Mafomu akale aja sanatayidwe. Ngati nkhani yanu ili choncho, musalembe kalikonse musanaonane ndi loya kapena mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, yomwe kale inkatchedwa OISC. Kuno kupereka uphungu wa za imigireshoni popanda chilolezo ndi mlandu, ndiye mkulu wa kutchalitchi amene amalembera anthu mafomu molipiritsa mufunseni kaye nambala yake yolembetsera.

Setifiketi ya ukwati iphatikizidwe. Lamulo la ukwati la ku Malawi la 2015 limazindikira ukwati wa mwambo, koma zithunzi za chinkhoswe pazokha ndi umboni wofooka kwa munthu amene sadziwa kuti ankhoswe ndi ndani. Kalembetseni ukwatiwo mukhale ndi pepala. Chikalata chilichonse cha m'Chichewa, ngakhale kalata ya amfumu yonena za munda, chimafunika kumasuliridwa m'Chingelezi ndi womasulira amene alembepo dzina lake, tsiku, siginecha ndi momwe angapezekere.

Ndikubwerezanso chifukwa anthu samva: mapepala olemera kwambiri ndi a amene ali ku Malawi. Kalata ya kuntchito yonena udindo, malipiro, masiku a tchuthi ndi tsiku lobwerera pantchito. Ana amene akutsala, sukulu yawo, ndi amene adzawasunge. Nyumba, munda, makolo amene amadalira iyeyo. Ine ndinataya nthawi kukongoletsa mbali yanga, pomwe uphunzitsi wa akazi anga, umene dobadoba uja anaubisa, ndiwo unali mphamvu yathu yaikulu.

Musalipire zinthu zosafunika. Kalata yoitanira ya UK siifuna chidindo cha loya. Kuyezetsa TB n'kwa okhala kupitirira miyezi 6, osati mlendo. Tikiti musagule visa isanatuluke. Imelo ndi nambala pa fomu zikhale za mwini wake, ndipo awerenge yankho lililonse asanatumize. Funso lakuti munakanidwapo visa, ya dziko lililonse, yankhani zoona. Ndipo chotsani m'mutu maganizo oti akafika adzagwireko kaganyu kapena musinthire visa konkuno. Mlendo saloledwa kugwira ntchito, ndipo visa ya mlendo siisinthidwa kukhala ya banja muli mkati mwa dziko. Mukayesa, muononga dzina lake, lanu, ndi la Amalawi ena amene akubwera pambuyo panu.

Ulendo wachiwiri tinalemba tokha, pa vidiyo kolo, funso ndi funso. Tinavomera kuti tinakanidwapo, n'kufotokoza m'ndime imodzi zomwe zinalakwika pa fomu yoyamba, osadzikometsera. Tinapempha milungu itatu ya tchuthi cha sukulu cha Ogasiti, ndi kalata ya ahedi. Visa inatuluka.

Ikatuluka musaganize kuti kalata ija yatha ntchito. A Border Force pabwalo la ndege ali ndi mphamvu yofunsa ngakhale kubweza munthu amene ali ndi visa kale. Mnzanuyo anyamule kope la kalatayo m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi tikiti yobwererera, adziwe adiresi yanu, ntchito yanu ndi tsiku lobwerera osayang'ana papepala. Inu foni ikhale yoyatsa tsiku limenelo, musakhale pa shifiti. Ndipo tsiku lomwe munalemba kuti adzanyamuka, anyamuke tsiku lomwelo, ngakhale visa itatsala ndi miyezi isanu, chifukwa pa pempho lotsatira adzafunsa kuti ulendo wapita anakhala masiku angati, n'kuyerekeza ndi zomwe munalemba m'kalata ija.