Kasamalidwe ka septiki tanki kuno ku Zomba

Anzanga amene muli ndi toileti yogejemula ku Matawale, Chinamwali kaya ku Sadzi, septiki tanki si dzala ayi. Mkatimo muli tizilombo timene timadya zonyasazo, nde mukamathira Jik wambiri, palafini kapena oyilo wa galimoto mukupha tizilomboto, tanki imadzadza msanga nkuyamba kununkha. Mapampasi, mapadi, makondomu, mafuta otsala pokazinga tchipisi osatayamo, zimatseka mapaipi.

Vuto lalikulu kunoko ndi mvula. Kuyambira Disembala mpaka Malichi madzi otsika m'phirimu amakhathamiritsa nthaka moti soak away (dzenje limene limalandira madzi otuluka mu tanki kuti alowe pansi) imalephera kumwa, nde onetsetsani kuti madzi a padenga ndi a pabwalo akulowera ku ngalande osati ku tankiko. Toileti ikamachedwa kutsitsa madzi kapena kapinga wa pamenepo akabiriwira kuposa pena ponse, dziwani kuti mwina tanki yadzadza kapena soak away yatsekeka.

Osabzala mabulugamu kapena nsungwi pafupi, mizu imalowa m'mapaipi nkung'amba konkire. Galimoto osaimika pamwamba pa silabu. Chitsime chitalikirane ndi soak away mamita osachepera 30.

Pakadutsa zaka 3 mpaka 5 itanani galimoto yopopa ija, ndipo musalole waganyu alowe mu tankimo ndi ndowa olo atchipitse bwanji, mpweya wa mmenemo umapha.