Luso la nthabwala: kuseketsa anthu osasiya bala

Ambiri amaganiza kuti wanthabwala amachita kubadwa. N'zoona kuti ena lilime lawo ndi lopepuka chibadwire, koma mukawamvetsera mofatsa anthu amene akangotsegula pakamwa gulu lonse limafa ndi phwete, mupeza kuti pali zinthu zingapo zimene amachita mobwerezabwereza, ndipo zinthuzo n'zophunzirika. Choyamba mwa izo si lilime ayi, koma maso ndi makutu.

Yambani ndi kuona

Nthabwala yogwira mtima imachokera pa khalidwe limene aliyense amalidziwa koma palibe amene analitchulapo. Funafunani mpata umene umakhala pakati pa zimene munthu amanena ndi zimene amachita. Wina amati "sindikhalitsa" kwinaku akuvula nsapato. Wina amayamba ndi "sindikonda miseche, koma..." Wina munamubwereka ndalama, ndiye foni yake yagwidwa matenda achilendo: imalira bwinobwino kwa aliyense, imangozima mukaimba inuyo. Palibe chopeka pamenepa. Anthu amaseka chifukwa azindikira mnzawo, ndipo kawirikawiri adzizindikira okha.

Khalani ndi kabuku kapena lembani mufoni zinthu zitatu zotere tsiku lililonse. Lembani mawu enieni amene munthuyo ananena, osati chidule chanu, chifukwa kukoma kumabisala m'kanenedwe. Ikamatha sabata mukhala ndi zinthu 21. Musadandaule ngati zoseketsa zenizeni zili ziwiri kapena zitatu zokha. Zotsalazo zakuphunzitsani kuona, ndipo ntchito yake inali imeneyo.

Kutchera ndi kufwamphula

Nthabwala ili ngati msampha: ili ndi kutchera ndi kufwamphuka. Potchera mumatsogolera maganizo a omvera kunjira ina. Pofwamphula mumawatembenuzira kumene sankayembekezera, koma kumene akakuona amavomereza kuti n'zoonadi. Katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany, Immanuel Kant, anafotokoza m'chaka cha 1790 kuti kuseka kumabwera pamene chiyembekezo chimene chinakokedwa mwamphamvu chasanduka chabe mwadzidzidzi. Mawu ofunika apa ndi akuti mwadzidzidzi. Omvera akaona kumene mukulowera, msampha wafwamphuka wopanda kanthu.

Taonani chitsanzo ichi: "Munthu wina anagula wotchi yodula kuti asiye kuchedwa kuntchito. Masiku ano amadziwa bwino lomwe kuti wachedwa ndi mphindi zingati." Chiganizo choyamba chikutiyembekezetsa kuti wasintha kapena walephera. Chachiwiri chikuyamba ngati chomuyamikira, kenako mawu atatu omaliza akutembenuza zonse. Tsopano imveni itanenedwa molakwika: "Pali munthu wina amachedwabe kuntchito ngakhale anagula wotchi, moti amangodziwa mphindi zimene wachedwa, koma sasintha ayi." Nkhani ndi yomweyo, koma yafa. Yafa chifukwa mathero aululidwa koyambirira pa mawu akuti "amachedwabe", ndiponso pambuyo pa mawu oseketsa pawonjezedwa mchira wofotokozera.

Choncho mawu amene akutembenuza nkhani akhale omalizira enieni, ndipo mukawanena tsekani pakamwa. Kutcherako kusapitirire ziganizo ziwiri kapena zitatu. Pocheza wamba, masekondi 30 ndi ambiri kale. Lembani nthabwala yanu papepala, mufafanize liwu lililonse limene likachoka nkhani imamvekabe. Dzina la munthu, tsiku limene zinachitika, amene analipo: ngati mathero sakudalira zimenezi, zichoke. Koma liwu limodzi lojambula chithunzi lisiyeni. "Wotchi yodula" ikuposa "wotchi" chifukwa ikuonetsa kuti munthuyo anadzipereka, ndipo kudziperekako n'kumene kukuseketsa.

Njira ina yodalirika ndi yotchula zinthu zitatu. Choyamba chimayala njira, chachiwiri chimaitsimikizira, chachitatu chimaiphwanya: "Pamsonkhano paja tinagwirizana mfundo zitatu: tsiku la msonkhano wotsatira, malo ake, ndi kuti zonse tidzakambirana kumeneko." Ziwiri n'zochepa kuti khutu lizolowere njira, zinayi zimapatsa omvera nthawi yokutsogolerani.

Pali zolakwa ziwiri zimene zimapha nthabwala isanabadwe. China n'kulengeza kuti "ndikuuzeni nkhani yoseketsa kwambiri". Mukatero mwasandutsa omvera oweruza, ndipo woweruza saseka msanga. China n'kuyamba kuseka nokha musanafike kumathero. Mawu amamezeka, ndipo anthu amamva ngati alamulidwa kuseka. Nkhope ikhale ya munthu amene akungofotokoza zimene anaona.

Kupuma

Musanatchule mawu omalizira, pumani kamodzi, mpweya umodzi wokha. Kachetechete kameneko kamakokera makutu onse kwa inu. Mukapitirira masekondi awiri, anthu amayamba kulota mathero okha. Akayamba kuseka, dikirani. Oyamba kumene amaopa chete, ndiye amalankhula pamwamba pa kuseka, anthu n'kudzigwira kuti amve zotsatira; mukatero kawiri katatu, mwawaphunzitsa kusaseka. Yambiraninso kulankhula phokoso likayamba kutsika, lisanatheretu.

Robert Provine, katswiri wa zamaganizo wa ku University of Maryland m'dziko la America, anamvetsera ndi kulemba maulendo 1,200 a anthu akuseka pamacheza awo a tsiku ndi tsiku. Anapeza kuti kuseka kumadikira chiganizo chithe, sikudula mawu pakati. Anapezanso chinthu chimene chiyenera kukumasulani mtima: mwa mawu amene anthu ankaseka atawamva, osafika limodzi mwa magawo asanu ndiwo anali nthabwala zenizeni. Ambiri anali mawu wamba. Munthu amaseka kuwirikiza ka 30 akakhala ndi anzake kuyerekeza ndi akakhala yekha. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti anthu amaseka ndi munthu amene amasuka naye. Pagulu lachilendo, yambani mwamvetsera ndi kuseka za ena kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, mudziwe amene amaserewulana ndi amene amapatsana ulemu wapatali, kenako muponye yanu yaifupi. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Ikugwera ndani?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu aluso la pakamwa amataya abwenzi. Nthabwala iliyonse imagwera penapake. Musanainene, dzifunseni kuti igwera ndani, ndipo mwiniwakeyo aseka nawo kapena ayi.

M'chaka cha 2010, Peter McGraw ndi Caleb Warren a ku University of Colorado anafotokoza kuti chinthu chimaseketsa chikakhala ndi mbali ziwiri nthawi imodzi: chikhale cholakwika penapake, komanso womva aone kuti sichivulaza. Chikakhala chosalakwika konse, n'chozizira. Chikakhala chovulaza, n'chipongwe. Vuto n'lakuti malire a ziwirizi sali m'mutu mwa wonena, ali m'mtima mwa womva. Nthabwala ya ngongole ija imakoma pakati pa anthu amene onse anabwereketsapo ndalama. Inenedwe pamene pali wina amene akulephera kubweza chifukwa ntchito inamuthera, ndiye kuti mwamuvula pagulu. Aristotle wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anaika munthu wa nthabwala zabwino pakati pa anthu awiri: wofuna kuseketsa zivute zitani ngakhale wina apwetekeke, ndi wouma mtima amene saseka komanso sakondwa ena akamaseka. Woyamba uja ndiye amachuluka, ndipo sadziwa kuti ndi iye, chifukwa anthu amamusekerabe.

Malire odalirika ndi awa: sekani zimene munthu amachita, osati chimene ali. Kuchedwa, kuiwala, kukokomeza nkhani, kudzitama, zonsezi munthu angathe kuzisiya mawa. Thupi lake, chilema, mtundu, umphawi, kusabereka, matenda, kumene anabadwira, izi sangazivule ngati malaya, ndipo kuziseka n'kunyoza basi ngakhale gulu lonse litagubuduka. Onaninso mbali imene nthabwala ikulowera. Wamng'ono akaserewula wamkulu mwaulemu pa kanthu kochepa, wamkuluyo ali ndi mphamvu yoyankha kapena kungoseka. Bwana akaserewula wantchito wake pamaso pa anzake, wantchitoyo alibe kothawira: ayenera kuseka kuti ateteze ntchito. Amene muli ndi udindo, kuseka kumene mumakumva sikukuuzani zoona zonse.

Ndiye mudziwa bwanji? Yang'anani nkhope ya amene yamugwera, osati ya gulu. Dokotala wa ku France, Guillaume Duchenne, anaonetsa m'chaka cha 1862 kuti kumwetulira kochokera pansi pa mtima kumagwiritsa ntchito minofu yozungulira maso, osati milomo yokha: masaya amakwera, maso amachepa, m'mbali mwake mumachita timakwinya. Mukaona mano ali pamtunda koma maso ali gwa, kapena munthu waseka kamodzi n'kuyang'ana pansi, kapena wayamba kuseweretsa foni, kumeneko n'kuseka kwachiphamaso. Sinthani nkhani pomwepo, ndipo musabwererenso pamutu umenewo ndi munthu ameneyo.

Kudzudzula ndi nthabwala

Phindu lalikulu la luso limeneli si phwete ayi, koma kunena chinthu chovuta mnzanu osachita manyazi. Tiyerekeze mnzanu wakuntchito wachedwetsa lipoti kachitatu. Mukati "inu ndinu aulesi", adziteteza ndipo lipotilo liiwalika. Ponyani nthabwalayo pa chinthucho, osati pa iye: "Achimwene, lipoti lija likuoneka kuti lasochera panjira. Tilitumizire galimoto?" Akaseka, chitseko chatseguka, ndipo musachoke musanalowe. Onjezani mawu omveka, opanda nthabwala: "Ndikulifuna Lachinayi 10 koloko m'mawa. Pali chimene chikukuvutani?" Ambiri amalekera pa kusekako, mnzawo n'kupita akuganiza kuti nkhaniyo inali yocheza chabe. Nthabwala imodzi, pempho limodzi lomveka, muli awiri. Ikalephera kawiri, siyani nthabwala mulankhule mwachindunji. Kuibwereza kachitatu kumasanduka kunyogodola.

Mwambi umagwira ntchito mofananamo, chifukwa umachotsa mlandu pa munthu n'kuuika pa anthu onse. Ubwere pambuyo poti nkhani yamveka, osati poyambira, ndipo ukhale umodzi. Nthawi zina ndi bwino kuunena theka. Kwa mnzanu amene akukana thandizo pantchito yomukulira, kungoti "mutu umodzi..." n'kusiyira pomwepo kumamuchititsa kumaliza yekha m'mtima, ndipo mawu amene munthu wadziuza yekha sawakana msanga. Miyambi itatu yotsatizana ndi ulaliki, ndipo mwambi wopita kwa munthu wokuposani msinkhu umafuna kusamala kwambiri, chifukwa umamveka ngati mukumuphunzitsa.

Polemba uthenga

Pa WhatsApp kapena pa imelo mulibe liwu, mulibe nkhope, mulibe kupuma. Kafukufuku wa Justin Kruger, Nicholas Epley ndi anzawo wa m'chaka cha 2005 anaonetsa kuti olemba amadzikhulupirira kwambiri kuti owerenga azindikira ngati akunena zoona kapena mokhotetsa, pamene owerengawo ankalondola pang'ono chabe kuposa theka la maulendo. Choncho musanatumize, werengani uthengawo mokweza ndi liwu la munthu wokwiya. Ukamveka ngati chipongwe, usintheni kapena muimbe foni. Kumbukiraninso kuti cholembedwa chimatumizidwa kwa ena opanda chiyambi chake.

Zikavuta

Nthabwala ikagwa pansi osaseka aliyense, musaifotokoze, musaibwereze mokweza, ndipo musanene kuti anthuwo sanaimvetse. Pitirizani nkhani ngati kuti munangonena chiganizo wamba. Pakatha mphindi imodzi palibe amene akuikumbukira. Mukafika kunyumba ionaninso: kodi kutchera kunatalika, mathero anaululika msanga, kapena gululo silinkadziwa chinthu chimene nthabwalayo ikudalira? Konzani chimodzi chokha, muiyesenso kwa anthu ena. Ikakanika pamagulu atatu osiyana, itayeni.

Ikapweteka munthu, nkhani ndi ina. Mawu akuti "ndimangocheza" kapena "inunso simudziwa nthabwala" amawonjezera bala lachiwiri, chifukwa akumuuza kuti wolakwa ndi iye pomva kuwawa. Mupezeni tsiku lomwelo ali yekha, mutchule chimene munanena, ndipo mupepese mosazungulira: "Mawu aja ndinanena okhudza ntchito yanu sanali abwino. Pepani, sindidzabwerezanso." Musawonjezere "ngati mwakhumudwa", musaikemo nthabwala ina yofewetsera, ndipo musamukakamize kunena kuti zatha. Ngati munamunyazitsa pamaso pa anthu, mufunseni ngati angakonde kuti mukonzenso pamaso pa anthu omwewo, chifukwa ena safuna kuti nkhaniyo itchulidwenso. Akasankha, chitani zomwezo, ndipo kwa masabata angapo musamuserewule ngakhale pa zinthu zazing'ono mpaka iye mwini atayamba kukuserewulani.