Zolembera paipi musanayatse galainda

Anzanga owotcherera, makamaka inu achinyamata mwangoyamba kumene m'mashedi apa Dedza boma mpaka ku Lizulu uko, joini ikakana kukhala nthawi zambiri vuto si makina ayi, ndi mzere omwe munalemba musanadule. Ine zimandiwawa kuona munthu akutha ma rodi kutseka mpata oti sukanakhalapo.

Pa skweya chubu nzophweka, tepi ndi sikweya yokhala ndi madigiri 45 basi, kona ya geti kaya felemu ya windo yatheka. Koma sikweyayo muziiyesa pogula, lembani mzere pa chitsulo chowongoka, itembenuzeni mulembenso pomwepo, mizere ikasiyana isiyeni mu shopu momwemo.

Paipi yozungulira ndiye nkhani ina, sikweya imangoterereka. Tengani pepala lolimba la m'mbali mowongoka, kalendala yakale imachita bwino, likulungeni pa paipi mpaka m'mbalimo mukumane ndendende kenako tsatirani ndi cholembera, mzere umenewo sunama. Mukalidula pomwe lakumanirana nkulipinda pawiri kenako pawirinso ndiye kuti lakugawirani paipi panayi, ndipo mukafuna kutsimikiza, paipi ya 2 inchi kunja kwake ndi 60.3 mm, kuzungulira kumakwana pafupifupi 189 mm. Mzere wa mulitali gonekani kachidutswa ka engo ayironi pamsana pa paipi, kamakhazikika kokha, inu nkungolemba.

Pomwe paipi ikukagunda pamimba pa inzake, ngati pa sitandi ya thanki, apa mpomwe ambiri amaononga chitsulo. Paipi yoyambayo isemeni pang'onopang'ono mukuyesa mpaka kukamwa kwake kukumbatire inzake bwinobwino, mukatero ikulungeni ndi katoni yopyapyala, dulani katoniyo motsatira kukamwako, lembanipo saizi nkuipachika pa msomali. Paipi zotsalazo muzingojambula ndi katoniyo, zonse zituluka zofanana.

Cholembera nacho musamangotola. Choko cha owotcherera chimapirira moto koma muzichinola pa fayilo, chikabuntha mzere umanenepa ndiye simudziwa kuti mudule mbali iti. Pa galavanaizi chokocho sichioneka bwino, bola maka (cholembera cha inki) yowonda kapena msomali wa konkire wonola. Pobowola yambani ndi panchi, kachitsulo kosongoka kokhomera kadontho, chifukwa biti yobowolera pa paipi imathawa. Ndipo disiki ya galainda nayo imadya chitsulo, olo yopyapyala ija ya 1 mm, ndiye muziidutsitsa kumbali yotaya, mzere wanu utsale pa chidutswa chomwe mukufuna.