Urea wanga ankangouluka

Kumunda kwanga ku Chigumula chimanga chinkangochita chikasu chonsecho fetereza wa urea ndathira, thumba lodula chonchija. Vuto linali kathiridwe. Waganyu ankangomwaza pamwamba pa mzere dzuwa likuswa mtengo, ndiye urea akakhala poyera nayitrojeni wake, chakudya cha mbewu chomwe ndi 46% ya feterezayu, amasanduka mpweya nkuthawa, chimvula chikabwera wotsalayo nkukokoloka.

Pano timabaya kadzenje ndi kamtengo, masentimita 10 kuchokera paphando, kuthira ndi kachitsekero ka botolo la Fanta nkukwirira pompo, ndipo timadikira nthaka inyowe komanso tikhale titapalira, udzutu umadya nawo fetereza. Pakati pa mapando ndadzalamo nandolo, masamba ake akayoyoka amabwezera chonde. Chaka chino chimanga chakhala chobiriwira mpaka kumasula.