Kulalikira kuchigwa kuno osaumitsa khosi

Ngati mukupita kukagawa uthenga kumidzi ya ku Nsanje kapena Chikwawa, jekete ndi tayi zisiyeni kaye, dzuwa la Okutobala kuno silisewera, mungokomoka musanamalize vesi yoyamba. Pitani madzulo anthu akabwerako kudimba, khalani pamphasa, moni kaye, funsani za mbewu ndi madzi osefukira aja, Baibulo lituluke pambuyo. Agogo akatchula za Mbona, mzimu wa mvula uja wa kachisi wa ku Khulubvi, musathamangire kunena kuti ndi ziwanda, ine ndinapanga zimenezo tsiku lina, anangoti "zikomo mwanawe" nkulowa m'nyumba, basi kwatha. Ngakhale Paulo ku Atene anayambira pa guwa lawo lomwe, onani Machitidwe 17. Akamayankha m'Chisena asiyeni, ndipo akakupatsani nsima ya mapira ndi mlamba sambani m'manja mudye.